Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya ana a ku pulayimale: malamulo a chiyankhulo, mawu atsopano ndi masamu

Mayi_wa_ku_Ngabu
Ndikupereka moni kwa makolo ndi aphunzitsi nonse a pagulu pano. Ndili ndi ana awiri ku pulayimale, wamkulu ali mu Sitandade 5 ndipo wamng'ono ali mu Sitandade 2. Wamkuluyo ankakhoza bwino mpaka chaka chatha, koma chilowereni kalasi imene maphunziro onse kupatula Chichewa akuphunzitsidwa m'Chingerezi, malikisi ake atsika kwambiri, makamaka pa masamu a nkhani. Wamng'onoyo amatchula zilembo zonse ndipo amawerenga manambala moloweza mpaka 100, koma ndikamulozera mawu m'buku, kapena kumufunsa kuti pa 14 ndi 41 yaikulu ndi iti, amangondiyang'ana. Anthu ena akuti ndiwapezere mphunzitsi wa patitayimu, ena akuti ndiziwapatsa ntchito ndekha tsiku lililonse. Funso langa lili patatu: ntchito ya tsiku ndi tsikuyo ikhale yotani, itenge nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi kholo longa ine, limene silinafike patali ndi sukulu, lingathe kuiyendetsa?

Kabaza_Bangula
Mayi, musavutike ndi zambiri, apezereni mphunzitsi wa patitayimu. Makalasi a masiku ano ndi odzaza moti mphunzitsi sangathe kuona kope la mwana aliyense, ndipo ife makolo luso la uphunzitsi tilibe.

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Mayi a ku Ngabu, zimene mwafotokozazi timaziona chaka ndi chaka, ndipo sizitanthauza kuti ana anu alibe nzeru. Bambo a ku Bangula akunena zoona pa za kudzaza kwa makalasi. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuposa zipinda ndi aphunzitsi, ndipo ngakhale boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, kalasi yanga imapitirira 100. N'chifukwa chake ndimati chimene mwana akusowa kwambiri ndi munthu mmodzi womumvetsera pamene akuwerenga ndi kumuyang'ana pamene akupanga samu, ndipo munthu ameneyo amapezeka msanga pakhomo.

Langizo langa ndi mphindi 20 patsiku kwa mwana aliyense, osadumphitsa tsiku. Mwana amene wapanga masamu asanu lero, ena asanu mawa ndi ena asanu mkuja amasunga zambiri kuposa amene wakhazikidwa pansi Loweruka lonse ndi masamba atatu a ntchito, chifukwa chinthu chimakhazikika m'mutu pamene mwana akulimbana kuti achikumbukire chitayamba kuiwalika. Ntchitoyo muziitenga m'kope lake la tsiku lomwelo, musamaitenge m'buku la kalasi ya patsogolo.

Kunena za wa Sitandade 2 uja, kutchula mayina a zilembo sikuwerenga ayi. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 ndipo imakhudza Sitandade 1 mpaka 4, imayambira pa maliwu, kenako maphatikizo, kenako mawu ndi ziganizo, ndipo inunso tsatirani njira yomweyo kuti musamusokoneze. Lembani pansi ndi kamtengo maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu ndi ta, te, ti, to, tu. Muziwaloza mosakaniza kuti asamangowaimba, kenako awalumikize yekha apange moto, mutu, tema. Akazolowera, bweretsani ovutirapo monga mba, nda, nkha, mpha ndi tcha, ndipo musaiwale kusiyanitsa ngo ndi ng'o, pakuti ana ambiri amayamba ngolo ndi ng'ombe ndi liwu limodzi. Pa za 14 ndi 41, dulani mapesi a mapira akhale timitengo tifupitifupi, mutimange khumikhumi ndi luzi. Nambala 14 ndi mtolo umodzi ndi timitengo tinayi, pamene 41 ndi mitolo inayi ndi kamtengo kamodzi. Akaziyala yekha pamphasa kwa masiku angapo, funso limenelo silidzamuvutanso.

Mlimi_wa_Thonje
Aphunzitsi, mphindi 20 zikumveka zochepa polemba, koma nthawi yake ndi iti? Mu Okutobala ndi Novembala kuno ku Chigwa cha Shire kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, mwana akaweruka amafika atatheratu, madzulo ayenera kukatunga madzi kapena kukatsekera mbuzi m'khola, ndipo kukada magetsi tilibe, udzudzu nawo wayamba.

Wamalonda_Dyeratu
Ife tinasankha nthawi imene dzuwa lapendeka, nsima isanapse, pakhonde. Kuwerenga ndi kulemba timachita kukadali kowala, ndipo masamu a pamtima timawasiyira mdima popeza safuna nyale. Kumjigo nakonso nthawi imapezeka, chifukwa mwana wanga amafunsidwa matebulo ochulukitsa manambala ndi mkulu wake ali pamzere wodikira madzi.

Ambuya_a_ku_Chiromo
Ana anga, ndinaphunzitsa kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikuona kuti chimene chatayika masiku ano ndi kuloweza. M'nthawi yathu tsiku linkayamba ndi masamu a pamtima, sabata sinkatha popanda lembetso, ndipo matebulo ankafika mpaka 12. Lero ndimaona mwana wa Sitandade 7 akulemba timizere m'mphepete mwa kope kuti apeze 7 × 8. Mwana woteroyo akafika pa kugawa manambala aatali kapena pa mafulakishoni, nzeru zake zonse zimathera pa kuwerenga timizereto, samu yeniyeniyo n'kumupita. Timitengo ndi tabwino, koma mwana asakule nato mpaka kalasi za pamwamba.

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Ambuya, pa za matebulo sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Chimene ndikukana ndi kuloweza chinthu chimene mwana sanachionepo ndi maso, chifukwa woteroyo amaimba tebulo lonse kuyambira pa 7 × 1 kuti akafike pa 7 × 8, ndipo mukamudula pakati amayambiranso. Ayambe waona pa bawo kuti 4 × 8 ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, awerenge apeze maenje 32. Akazungulira n'kukaima kumutu kwa bawolo, aona mizere isanu ndi itatu ya maenje anayi, koma maenje ndi omwe aja 32. Akamvetsa zimenezi, ntchito yoloweza yachepa kale, pakuti kuyambira 1 × 1 mpaka 10 × 10 pali masamu 100, koma osiyana ndi 55 okha. Mukachotsapo matebulo a 1, 2, 5 ndi 10, amene ana amawagwira msanga, otsala ndi 21. Kholo limene likufunsa awiri kapena atatu mwa amenewa patsiku, mosakaniza, lidzaona teremu isanathe kuti mwana akuyankha mosadodoma.

Ambuya_a_ku_Chiromo
Apo ndiye tagwirizana, koma mufike pa 12, musalekere pa 10, ndipo lembetso lisasowe. Mawu asanu patsiku ndi okwanira, malinga mwana akonze yekha amene walakwitsa powalembanso ataona olondola.

Bambo_wa_ku_Tengani
Ine vuto langa ndi la chiyankhulo. Pakhomo pathu timayankhula Chisena, ndipo mwana wanga wa Sitandade 3 amasakaniza polemba Chichewa. Analemba kuti "pinthu pyanga" m'malo mwa "zinthu zanga", aphunzitsi anathetha, ndipo iye anabwera akulira kuti chiyankhulo chathu n'cholakwika. Akazi anga akuti tisiye kuyankhula Chisena ndi ana mpaka adzalembe mayeso a Sitandade 8. Ine mtima wanga ukukana, komanso sindikufuna kuti mwana adzalephere chifukwa cha ine. Kodi anzanga a ku Nsanje mukuchita bwanji?

Wachigwa_mu_Blantyre
Bambo, akazi anu akunena zoona, ndipo ine ndingapitirire pamenepo. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe loona za mayeso la MANEB amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, choncho pakhomo muziyankhula Chingerezi chokhachokha ngati mukufuna kuti mwana adzasankhidwe kupita ku sekondale yabwino.

Mwana_wa_Nsanje
Achimwene, zimenezo sindikuvomereza. Kholo limene Chingerezi chake ndi chochepa likasiya chiyankhulo chake, chimene chimachitika n'chakuti limangochepetsa kuyankhula ndi mwana, macheza amatha pakhomo, n'kungotsala mawu otuma ndi oletsa. Mwana amene sakumva nkhani zazitali m'chiyankhulo chilichonse amakhala wosauka mawu m'ziyankhulo zonse. Ine ndinakula ndi Chisena, Chichewa ndinakachipeza kusukulu, ndipo ndinaphunzira mpaka ku koleji. Mwana amene amatha kulongosola bwino m'Chisena mmene amatcherera mono kapena mmene amaokera mpunga sachedwa kuphunzira kulongosola zomwezo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chifukwa luso loyala mfundo motsatana ali nalo kale.

Aphunzitsi_a_Chichewa
Bambo a ku Tengani, muuzeni mwanayo kuti zimene analembazo ndi zolondola m'Chisena, ndipo zikuonetsa kuti akudziwa kale lamulo lalikulu la ziyankhulo zathuzi, loti mawu otsatira dzina amagwirizana ndi gulu la dzinalo. Chimene akufunika ndi kuzolowera kuti pamene Chisena chimaika pi, Chichewa chimaika zi, ndipo zimenezi zimabwera poyeserera pakamwa tsiku ndi tsiku. Kuletsa chiyankhulo cha makolo sikungamuphunzitse zimenezo.

Pali masewero amene ndimauza makolo, ndipo satenga mphindi zoposa zisanu. Nenani chiganizo chimodzi, kenako musinthe dzina lokha, mwana akonze zotsalazo. Mukati "Dengu langa lalikulu lagwa" n'kumupatsa dzina lakuti madengu, iye ayankhe kuti "Madengu anga aakulu agwa". Mukamupatsa chipewa, anene kuti "Chipewa changa chachikulu chagwa", ndipo mupitirize ndi zipewa, mtengo, mitengo, kadengu, timadengu. Mayina monga mbiya ndi mbuzi ndi abwino kwambiri poyesera mwana, pakuti sasintha pochulukitsa, ndipo chimene chimaonetsa kuchuluka ndi agwirizanitsi okha: mbuzi yanga yathawa, mbuzi zanga zathawa. Tsiku lina musinthe nthawi m'malo mwa dzina, chiganizo chomwecho achinene cha lero, cha dzulo ndi cha mawa. Mayina a mitundu ya mawu, monga mneni, mfotokozi, muonjezi ndi mlowam'malo, adzawafuna m'makalasi a pamwamba, koma mwana amene wachita masewerowa amawamva msanga chifukwa amangopatsidwa dzina la chinthu chimene akuchigwiritsa ntchito kale. Kwa ana a m'mabanja oyankhula Chimang'anja kusiyana kwake ndi Chichewa cha m'mabuku n'kochepa, koma masewero ndi omwewa.

Bambo_wa_ku_Tengani
Zikomo aphunzitsi, zimenezi tiyamba lero lomwe. Nanga za manambala? Agogo ake amamuwerengera m'Chisena kuti tanthatu, nomwe, sere, pfemba, kusukulu amamva sikisi, seveni, eyiti, naini, ndipo m'buku la Chichewa akupeza zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. Kodi zimenezi sizingamusokoneze?

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Sizisokoneza, malinga mwana akuona chiwerengero chimodzi patsogolo pake. Ikani miyala 7, aitchule m'njira zonse zitatu, kenako alembe 7. Kawerengedwe ka Chichewa kalinso ndi phindu lake, chifukwa mwana amene akuti "zisanu ndi ziwiri" wanena kale kuti 5 + 2 = 7. Pophunzitsa 7 + 8 ine ndimagwiritsa ntchito zomwezo: zisanu za uku ndi zisanu za uku zipanga 10, ziwiri ndi zitatu zotsalazo zipanga 5, ndipo yankho ndi 15.

Wa_ku_Makhanga
Zonse mukunenazi ndi zabwino kwa amene ali ndi makope ndi mabuku. Ife kuno madzi anatilanda katundu mu 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ya Freddy sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ana atabwerera m'kalasi ambiri anali ataiwala ngakhale zimene ankazidziwa bwino. Kodi ntchito ya tsiku ndi tsiku ichitika bwanji pamene maphunziro amakhala pachiswe kuyambira Januwale mpaka Malichi?

Mlimi_wa_Thonje
Nkhani ya ku Makhanga yankho lake ndi kusamukira kumtunda, ndipo zimenezi zakhala zikunenedwa kwa zaka zambiri.

Wa_ku_Makhanga
Bambo, kusamuka amakunena mosavuta ndi amene dimba lake silili m'mbali mwa Ruo ndi Shire. Kumtundako mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe tikalima pati, nanga nsomba tikazipeza kuti?

Woyang'anira_Gulu
Abale, nkhani ya kusamuka ndi yaikulu ndipo tingathe kuitsegulira mutu wakewake. Pano tiyeni tibwerere kwa ana, pakuti funso la a ku Makhanga lokhudza kusowa kwa mabuku likuyembekezabe yankho.

Mayi_wa_Komiti
Ndili m'komiti ya sukulu ya kwathu, ndipo nafenso madzi anatiwonongera mabuku. Chimene tinaona n'chakuti mbali yaikulu ya ntchito ya tsiku ndi tsiku sifuna pepala. Pamchenga pamalembeka, khala limalemba pachikatoni, ndipo zowerenga zili paliponse: pathumba la feteleza, papaketi ya shuga, pachikwangwani cha golosale, m'buku la nyimbo za kutchalitchi, ngakhale m'kabuku ka kusikelo ka mng'ono wake. Pa masamu, msika ndi wokwanira. Mutumeni mwana ndi K2,000 kuti akagule zinthu ziwiri, koma asananyamuke anene yekha chenji chimene akuyembekeza kubwera nacho. Pa mawu atsopano tili ndi ndagi, nthano, miyambi ndi zining'a, zimene zimapezekanso m'phunziro la Chichewa. Kumsasa tinkasonkhanitsa ana pansi pa mtengo m'mawa, a Sitandade 7 ndi 8 n'kumaphunzitsa ang'onoang'ono maphatikizo ndi matebulo, ndipo akuluwo nawonso anapindula, chifukwa pofotokozera mnzako m'pamene umazindikira pamene iwe sukumvetsa. Chinthu chimodzi ndikupempha makolo a m'madera otsika: mvula ikayamba, makope a ana azisungidwa m'jumbo yomanga bwino pamodzi ndi ziphaso, pamalo okwera.

Mayi_wa_ku_Ngabu
Ndikuthokoza nonse. Za wamng'ono ndamva, koma wa Sitandade 5 uja sitinamukhudze kwenikweni, ndipo Chingerezi changa n'chochepa. Samu ikakhala ya manambala okha amaipeza, koma ikakhala ya nkhani amangotola manambala onse amene ali m'menemo n'kuwaphatikiza.

Kabaza_Bangula
Pamenepo pali njira yachidule imene mwana wanga anaphunzira ku patitayimu. Akaona mawu akuti "altogether" kapena "more" aphatikize, akaona "left" achotsere, ndipo akaona "share" agawe.

Mphunzitsi_wa_Sitandade_6
Bambo, njira imeneyo imathandiza pa masamu ena, koma imagwetsa ana ambiri pa mayeso. Taonani samu iyi: mlimi ali ndi mbuzi 9, ndipo mbuzi zakezo zikuposa za mnansi wake ndi 4, kodi mnansiyo ali ndi mbuzi zingati? Ikalembedwa m'Chingerezi mukhala mawu akuti "more", koma yankho ndi 5, osati 13. Mwana amene anazolowera kusaka mawu amodzi otere sawerenganso nkhani yonse.

Mayi a ku Ngabu, inu mungathandize ngakhale Chingerezi chanu chili chochepa. Samu imodzi ya nkhani patsiku ndi yokwanira. Aiwerenge mokweza kawiri, atseke kope, akufotokozereni m'Chichewa kuti nkhaniyo ikunena za chiyani, chimene wauzidwa n'chiyani ndipo chimene akufunsidwa n'chiyani. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti chamutsekereza ndi mawu, ndipo mawu amenewo awalembe kumapeto kwa kope kuti akafunse aphunzitsi mawa lake. Akatha kufotokoza, ajambule timabokosi kapena timizere toimira zinthuzo, anene ngati yankho likhale lalikulu kapena laling'ono poyerekeza ndi manambala amene wapatsidwa, ndiye apange samuyo.

Pa mawu atsopano a Chingerezi, atatu patsiku ndi okwanira, ochokera m'manotsi a tsiku lomwelo a sayansi, zaulimi kapena masamu, ndipo aliwonse awapangire chiganizo chonena za pakhomo panu. Kuloweza tanthauzo lokha sikukwanira, chifukwa mawu amene mwana sanawagwiritse ntchito amaiwalika sabata isanathe. Pa galamala ya Chingerezi, malo amene ana athu amapunthwa ndi odziwika. Amasinthanitsa "he" ndi "she" chifukwa m'Chichewa onse timati iye, amaiwala s pa "she goes", amalemba "goed" ndi "buyed" m'malo mwa "went" ndi "bought", ndipo amasokoneza l ndi r moti "play" ndi "pray" amawatchula chimodzimodzi. Madzulo aliwonse anene ziganizo zitatu za zimene wachita tsikulo, m'nthawi yakale, ndi chimodzi chonena za mayi ake kapena bambo ake kuti "he" ndi "she" azilowamo. Azilembe m'kope, ndipo kamodzi pasabata apemphe aphunzitsi kapena mwana wa ku sekondale wa pafupi kuti amuonere.

Kabaza_Bangula
Ndamva, aphunzitsi, koma patitayimu musainyoze kotheratu. Pali makolo amene amachoka m'bandakucha n'kubwera usiku, monga ife a kabaza ndi anzathu odula nzimbe.

Mphunzitsi_wa_Sitandade_6
Sindikuinyoza, bambo. Ngati mukulipira, pitani mukaone nokha kuti ana alipo angati ndipo akuchita chiyani. Ngati ndi chigulu cha ana okopera manotsi pabolodi, ndalama yanu ikupita pachabe. Ngati ndi ochepa, ndipo aliyense akuwerenga mokweza ndi kukonzedwa pamene walakwitsa, pamenepo phindu lilipo.

Wa_ku_Joni
Ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ana anga akuleredwa ndi mayi anga ku Chapananga. Mayiwo sanapite kusukulu, koma ndi iwo amene akuyendetsa ntchito imeneyi. Madzulo amauza mdzukulu kuti awawerengere nkhani ya m'buku la Chichewa, ndipo akamaliza amamufunsa kuti anachita zimenezi ndani, anachitiranji, ndipo iyeyo akanakhalapo akanatani. Mwana akadumpha mzere kapena kunamizira mawu, agogo amadziwa chifukwa nkhani imasiya kumveka, ndipo amamubweza kuti awerengenso. Pa masamu a ndalama ndi a miyezo ya chimanga ndi mapira, palibe amene angawapusitse. Choncho mayi a ku Ngabu, pa funso lanu lachitatu lija, yankho langa ndi lakuti n'zotheka.

Mlimi_wa_Thonje
Aphunzitsi a Chichewa, ndithandizeni pa kalembedwe. Ine ndinaphunzira kulemba "mabvuto" ndi "kubvala", koma mwana akuti kusukulu salemba choncho, ndipo pa lembetso timatsutsana. Komanso pa l ndi r ndimuuze chiyani?

Aphunzitsi_a_Chichewa
Bambo, tsatirani buku la mwana. Kalembedwe kamene munaphunzirako kanali kovomerezeka m'nthawi yake, ndipo kakuonekabe m'mayina monga Mwabvi, koma malamulo a kalembedwe ka Chichewa anakonzedwanso, ndipo potsata a mu 1990 timalemba mavuto ndi kuvala. Pa l ndi r, lamulo lothandiza ndi lakuti mkati mwa tsinde la mawu r amalembedwa akatsatira e kapena i, monga mu lero, pereka, lira ndi mbiri, pamene potsatira a, o ndi u timalemba l, monga mu mbalame, ngolo ndi sukulu. Tsinde loyamba ndi l silisintha ngakhale litalandira mphatikiram'mbuyo (phatikizo loikidwa kumayambiriro kwake) wothera ndi i, n'chifukwa chake timalemba chilala, milandu ndi ndili. Musamupatse lamulo lonseli tsiku limodzi. Sankhani mawu asanu a gulu limodzi pa lembetso la lero, a gulu lina adikire mawa.

Wachigwa_mu_Blantyre
Nanga bwanji osagwiritsa ntchito foni? Boma linayamba kale mu 2023 kupereka matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'sukulu kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, zomwe zikuonetsa kumene maphunziro akulowera.

Mayi_wa_Komiti
Achimwene, kumene matabuletiwo afika ana akuwakonda, koma amakhala kusukulu, ana sapita nawo kunyumba. Pakhomo foni imakhala imodzi, imayenda ndi mwini wake, imafuna moto ndi mayunitsi. Amene ali nayo aigwiritse ntchito, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku isadikire foni.

Mwana_wa_Nsanje
Ndikufuna kuwonjezera chinthu chimene sitinachitchule, chomwe ndi ukali wa ife makolo. Mphindi 20 zimenezi zisasanduke bwalo la milandu. Mwana amene amakalipiridwa akalakwitsa, kapena kuyerekezedwa ndi mwana wa mnansi, amasiya kuganiza n'kuyamba kuyang'ana nkhope ya kholo kuti alote yankho. Muziyamba ndi funso limene mukudziwa kuti alipeza, ndipo tsiku limene mwatopa kapena mwakwiya ndi zina, ntchitoyo mupatseni mkulu wake.

Ambuya_a_ku_Chiromo
Mwana wanga, wanena zoona. M'nthawi yathu chikwapu chinali ponseponse, ndipo ndinaona ana anzeru akuthawa sukulu chifukwa cha icho. Kulimbikira kumene ndikunena ine ndi kwa tsiku ndi tsiku, sikwa mkwapulo.

Wamalonda_Dyeratu
Aphunzitsi a ku Nchalo, ndili ndi funso lina. Mwana wanga wa Sitandade 3 akapatsidwa 52 − 27 akulemba 35, ndipo masamu onse otere akulakwitsa mofanana. Za kubwereka ndamufotokozera, koma sizikulowa.

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Mayi, kulakwitsa mofanana kukuonetsa kuti ali ndi lamulo lake limene akutsata. Mumzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, ndiye 7 kuchotsa 2 akupeza 5, ndipo 5 kuchotsa 2 akupeza 3. Mawu akuti kubwereka asiyeni kaye, mugwiritse ntchito mitolo ya khumikhumi. Ayale mitolo isanu ndi timitengo tiwiri, mumuuze kuti akupatseni timitengo 27. Adzaona yekha kuti pa tiwiri sangachotsepo 7, ndipo njira yokhayo ndi kumasula mtolo umodzi, mitolo n'kutsala inayi, timitengo n'kukhala 12. Akachotsa mitolo iwiri ndi timitengo 7, patsala mitolo iwiri ndi timitengo 5, ndiye kuti 25. Achite zimenezi ndi manja kwinaku akulemba chilichonse chimene wachita, masamu atatu patsiku, ndipo muzisakanizamo ena osafuna kumasula mtolo, monga 58 − 24, kuti azolowere kuyamba wayang'ana. Mumuphunzitsenso kudziyesa yekha pophatikiza yankho lake ndi nambala imene wachotsa: 25 + 27 ibweza 52, pamene 35 + 27 ipereka 62. Samu iliyonse imene walakwitsa muilembe kumapeto kwa kope, mumufunsenso pakapita masiku atatu ndiponso sabata yotsatira. Akaipeza maulendo onse awiri muifufute pamndandandawo, ndipo mitolo muichotse pokhapokha akayamba kulemba yankho lolondola asanaigwire.